Ofesi ya boma ikakubisirani mapepala kapena kuulula zanu, mukadandaule kuti?

“Zimenezo n'zachinsinsi, bambo.” Yankho ili limatseka pakamwa anthu ambiri m'maofesi a boma kuno kum'mawa kwa Zambia. Amalimva mlimi wa ku Chipangali amene anasonkha K400 yake ya feteleza wa FISP, pulogalamu ya boma yothandiza alimi ndi zipangizo zaulimi, koma dzina lake lasowa pa mndandanda, akafunsa kuti walowa m'malo mwake ndani. Amalimva mayi wa ku Mchini amene mwana wake sanapatsidwe thandizo la sukulu la CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha dera la phungu, akafuna kudziwa kuti komiti inasankha bwanji. Amalimvanso mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Chadiza, chonsecho chimene akupempha ndi fayilo yake yomwe, yolembedwa dzina lake pamwamba.

Chodabwitsa n'chakuti kuuma mtima konseko kumathera pa mapepala a ndalama za anthu onse. Zikafika pa zinthu za munthu payekha, chinsinsi chija chimasowa. Mndandanda wa olandira thandizo umamatidwa pakhoma uli ndi maina, manambala a chitupa cha NRC ndi manambala a foni, wina n'kuujambula, pofika madzulo wazungulira m'magulu a WhatsApp. Mavuto awiriwa ali ndi malamulo ake tsopano, ndipo onse ali ndi kokadandaula. Koma maofesi ake ndi atatu osiyana, ndipo munthu akapita kolakwika amangobwezedwa, n'kumayenda akuuza anzake kuti kudandaula n'kutaya nthawi.

Kuumira mapepala kunachokera kutali

Wogwira ntchito m'boma akamakana kukuonetsani pepala, nthawi zambiri sikuti ndi nkhanza zake zokha. Anaphunzitsidwa choncho. Lamulo la chitetezo cha dziko la State Security Act la mu 1969 linaika chilango chachikulu kwa aliyense wopereka zikalata za boma popanda chilolezo, ndipo kwa zaka zoposa 50 njira yodzitetezera ya kalaliki aliyense inali kukana. Wokana sanachotsedwepo ntchito chifukwa chokana. Wopereka ndiye ankaopa.

Bilu yoti anthu azitha kupempha zikalata za boma inafika ku Nyumba ya Malamulo mu 2002, nthawi ya a Levy Mwanawasa, koma boma linaibweza chaka chomwecho isanavomerezedwe. Kuchokera apo boma lililonse, la chipani cha MMD ngakhale la PF, linkalonjeza kuti ibwera posachedwa, atolankhani ndi mabungwe monga MISA Zambia akukumbutsa chaka ndi chaka. Pa 11 Ogasiti 2016 panali mwayi wina, pomwe anthu anafunsidwa pa referendamu ngati akuvomereza ndime zatsopano za ufulu wa anthu, zomwe zinali ndi ufulu wopeza zikalata za boma. Ambiri mwa amene anavota anavomera, koma chiwerengero chawo sichinakwane theka la anthu oyenera kuvota, motero ndimezo zinagwa. Lamulo lenileni, Access to Information Act nambala 24 ya 2023, a Hakainde Hichilema analisainira mu Disembala 2023, ndipo linayamba kugwira ntchito mu Juni 2024.

Lamuloli linatembenuza nkhani. Kale wopempha ndiye ankachonderera, pomwe tsopano ofesi yokana ndiyo iyenera kupereka zifukwa zokanira. Ofesi ya boma iyenera kukhala ndi ofisala wolandira mapempho a zikalata, iyenera kuyankha mkati mwa masiku omwe lamulo linaika, ndipo zina iyenera kuziika poyera yokha popanda wopempha. Zilipo zomwe ikhoza kukana, monga zokhudza chitetezo cha dziko, milandu yomwe ikufufuzidwa, zinsinsi za malonda ndi zinsinsi za munthu wina. Koma bajeti ya buloko ya makalasi yomangidwa ndi CDF, dzina la kontirakita amene anapatsidwa ntchito ya mlatho, ndalama zomwe analipidwa, mfundo za msonkhano wa komiti, n'zovuta kuziika m'gulu limenelo. Ndipo ndalama zake si zochepa. CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mu 2025 inafika pa K36.1 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Ndalama zotere zikalowa ku Vubwi kapena ku Kasenengwa, kufunsa mapepala si mwano.

Pa nkhani ya kokadandaula ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Ife a ku Chipata timamva wailesi za ku Malawi ngati zathu, ndipo dzina loti Ombudsman, womva madandaulo a anthu pa maofesi a boma, tinalizolowera nthawi yomwe Mayi Martha Chizuma anali pa mpandowo kumeneko, makamaka pa nkhani ija ya mathirakitala a boma. Ndiye munthu akakanizidwa pepala amaganiza kuti ombudsman wa kwathu ndiye woyamba kumuthamangira. Lamulo la 2023 linapereka ntchito yoyang'anira mapempho a zikalata ndi kumva madandaulo a okanizidwa ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Human Rights Commission. Ngakhale ku Malawi komweko, lamulo lawo lotere, lomwe linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limayang'aniridwa ndi bungwe lawo la ufulu wa anthu. Mwayi wathu n'ngwakuti Human Rights Commission ili ndi ofesi ku Chipata konkuno, ndipo ili ndi nambala yaulere ya 8181. Amene sanakhutire ndi chigamulo cha bungweli amapita ku khoti la High Court.

Nanga Public Protector ntchito yake ndi yotani?

Ombudsman wa dziko la Zambia ndi Public Protector. Ofesi yamtunduwu inayambira ku Sweden mu 1809, ndipo kuno inabwera ndi malamulo a dziko a mu 1973 pa dzina la Commission for Investigations, motsogozedwa ndi Investigator-General. Vuto la ofesi yakaleyo linali loti inkayankha kwa mtsogoleri wa dziko. Ikafufuza, lipoti linkapita kwa iye, ndipo zotsatira zake zinali m'manja mwake. Anthu ambiri a m'midzi anakalamba osamvako n'komwe kuti kuli ofesi yotere.

Kusintha kwa malamulo aakulu a dziko kwa mu 2016 ndiko kunabweretsa Public Protector, pa ndime 243 mpaka kutsogolo, ndipo lamulo lofotokoza kagwiridwe kake ka ntchito ndi nambala 15 ya 2016. Mayi Caroline Sokoni, amene anali Investigator-General, ndiwo anakhala oyamba pa mpandowu. Wokhala pa mpandowu ayenera kukhala munthu woyenera kukhala jaji, amasankhidwa ndi mtsogoleri wa dziko ndipo Nyumba ya Malamulo imavomereza. Ntchito yake ndi kufufuza zomwe ofesi ya boma yachita, kapena yalephera kuchita, poyendetsa ntchito zake: kuchedwetsa zinthu popanda chifukwa, kukondera, kunyalanyaza, kusatsata ndondomeko, kugwiritsa ntchito mphamvu molakwika. Ali ndi mphamvu zofanana ndi za High Court poitanitsa mboni ndi pokakamiza ofesi kutulutsa zikalata. Mphamvu yomalizayi ndiyo yofunika kwambiri pa nkhani yathu, chifukwa fayilo yomwe inu munauzidwa kuti sikupezeka, iye akhoza kulamula kuti ibwere patebulo.

Tiyerekeze ndi mphunzitsi wa ku Chadiza uja. Anapuma ntchito, ndalama zake sizikutuluka. Akapita ku ofesi ya m'boma lake amamuuza kuti fayilo inapita ku Chipata. Ku Chipata akuti ili ku Lusaka. Akwera basi, ulendo wa makilomita oposa 500 pa msewu wa Great East, agona kwa mphwake ku Mtendere, m'mawa kalaliki amuuza kuti, “Atate, fayilo yanu inabwezedwa ku chigawo, muli kalata imodzi yosowa.” Kalata yanji? Sakumuuza. Munthu ameneyu sanakanizidwe pepala mwalamulo. Palibe amene analemba kuti takana. Akungozunguzidwa, ndipo kuzunguza koteroko ndi ntchito ya Public Protector. Chimodzimodzi munthu amene anapempha poloti ku khonsolo, analipira zonse, koma mapepala ake asowa ndipo pamalopo pakumanga wina.

Nkhani imodzi ikhoza kukhala ndi mbali zonse ziwiri. Mlimi wa ku Chipangali akakanizidwa kuona mndandanda, kukanako n'kwa Human Rights Commission. Koma kuchotsedwa kwa dzina lake popanda chifukwa, pomwe anakwaniritsa zonse, ndi kayendetsedwe koipa ka ntchito, ndipo kumeneko n'kwa Public Protector. Ine ndingalangize kuyamba ndi pepala, chifukwa dandaulo lokhala ndi mndandanda m'manja limayenda msanga kuposa lodalira zomwe munthu anamva pa depoti.

Ofesiyi ili ndi malire, ndipo ndime 245 inawatchula. Sikhudza nkhani yomwe ili kale kukhoti, nkhani ya upandu, nkhani ya ogwira ntchito ku Nyumba ya Malamulo ndi kumakhoti, za pakati pa boma lathu ndi maboma akunja, ngakhalenso za mtsogoleri wa dziko akakhululukira akaidi. Mu 2019 khoti la Constitutional Court, pa mlandu wa pakati pa Public Protector ndi kampani yoyenga mafuta ya Indeni, linagamula kuti ofesiyi si khoti, motero zomwe yagamula zikhoza kuunikidwa ndi High Court. Tanthauzo lake kwa munthu wamba n'lakuti ofesi ya boma yomwe yagonja ikhoza kukatsutsa chigamulocho, nkhani n'kutalika. Malamulo aakulu amanenanso kuti ofesiyi iyenera kufalikira m'zigawo kenaka m'maboma, koma kufalikira kwa ofesi kumadikira ndalama za m'bajeti.

Zina zonse zili ndi kwawo. Wapolisi akakulakwirani kuli Police Public Complaints Commission, jaji kapena majisitireti kuli Judicial Complaints Commission, wina akakuuzani kuti fayilo ipezeka mukapereka ya drinki, imeneyo ndi ya Anti-Corruption Commission, ndipo mikangano ya malo ili ndi Lands Tribunal.

Zanu zikatuluka

Malamulo aakulu a dziko, pa ndime 17, amateteza munthu kuti asafufuzidwe m'thupi, m'nyumba kapena pa katundu wake popanda chilolezo. Ndime imeneyi inalembedwa kusanabwere foni za m'manja ndi makompyuta a m'zipatala. Lomwe limakhudza zolembedwa za munthu ndi Data Protection Act nambala 3 ya 2021, lomwe linakhazikitsa ofesi ya Data Protection Commissioner. Limagwira boma ndi makampani omwe. Aliyense wosunga zokhudza inu ayenera kutenga zokhazo zofunika pa ntchito yomwe wanena, kuzisunga mosamala, ndi kusazigwiritsa ntchito pa zina. Muli ndi ufulu wofunsa kuti akusunga zotani zokhudza inu, ndi wouza kuti akonze zolakwika. Zokhudza umoyo, zidindo za zala, chipembedzo ndi maganizo a ndale zili m'gulu lotetezedwa kwambiri. Zosungidwazo zikabedwa kapena kutayika, wosungayo ayenera kudziwitsa Commissioner mkati mwa maola 24.

Ganizirani mafotokope a NRC omwe munthu wa kuno amapereka pa moyo wake: polembetsa simu, ku kopaletivu, pofunsira ntchito ya uphunzitsi kapena ya zaumoyo, popempha ngongole ya CDF, kusukulu ya mwana. Ambiri a iwo amathera m'katoni pakona ya ofesi, ndipo si zachilendo kugula zitumbuwa n'kupeza zakulungidwa m'pepala lokhala ndi dzina ndi nambala ya munthu. Kenaka pamabwera uthenga pa foni wokutchulani dzina, wonena kuti mwasankhidwa kulandira thandizo koma mutumize kaye kandalama. Akuba amenewa salosera maina.

Zopweteka kwambiri ndi za kuchipatala. M'dera laling'ono, wogwira ntchito pa kiliniki ndi mnansi, mumapemphera naye, mwina ndi mlamu. Mawu amodzi onena za mankhwala omwe wakuti amalandira akatuluka pa chitsime, banja likhoza kutha. Dandaulo lotere likhoza kupita kwa mkulu wa chipatalacho, kwa Data Protection Commissioner, komanso ku mabungwe opereka ziphaso kwa ogwira ntchito za umoyo, monga Health Professions Council of Zambia. Public Protector amalowapo pamene akuluakulu a ofesi ya boma auzidwa koma akhala chete, kapena akuteteza wolakwayo.

Pomwe malamulo awiriwa amagundana

Mndandanda wa olandira thandizo ndi pomwe pali mfundo yovuta, ndipo aliyense wonena kuti yankho lake n'lapafupi sanaganizepo bwino. Ndalama zake ndi za anthu onse, choncho anthu ayenera kudziwa amene akulandira. Popanda zimenezo maina a anthu akufa ndi a achibale a akomiti amalowa mosavuta. Sitinaiwale za mu 2018, pomwe maiko a Britain, Finland, Ireland ndi Sweden anaimitsa thandizo chifukwa cha kusokonekera kwa ndalama za Social Cash Transfer, nduna yoona za ntchitoyi n'kuchotsedwa. Amene anavutika ndi agogo a kumudzi omwe ankadikira ndalamazo.

Komabe mndandanda wa Social Cash Transfer umanena zambiri za munthu. Olandira ake ndi okalamba, olumala kwambiri, odwala matenda okhalitsa, mabanja oyendetsedwa ndi ana ndi amayi olera okha ana angapo. Ngati pafupi ndi dzina palembedwa chifukwa cholandirira, ndiye kuti matenda a munthu amatidwa pakhoma. Ngati palembedwa nambala ya foni yomwe ndalama zimalowerapo, ndiye kuti wakuba wapatsidwa njira.

Maganizo anga ndi akuti pepala limodzi likhoza kugawidwa. Dzina ndi mudzi wa wolandira feteleza kapena ngongole ya CDF ziyenera kuoneka, chifukwa ndi zomwe anthu a m'deralo angagwiritse ntchito kuzindikira chinyengo. A nyakwawa akaona dzina la munthu amene anamwalira dzinja latha adziwa nthawi yomweyo. Nambala ya NRC, ya foni, matenda ndi zaka za ana siziwonjezera kanthu pa kufufuza koteroko. Ofesi ikhoza kuphimba mizere imeneyo n'kupereka zotsalazo. Choncho ofisala akakuuzani kuti sangakupatseni mndandanda chifukwa muli zinsinsi za anthu, yankho labwino n'lakuti, “Phimbani manambalawo, mundipatse maina ndi midzi.” Akakanabe, zaonekeratu kuti chomwe akuteteza si anthu a pa mndandandawo. Ndipo kampani yomwe yalandira kontirakiti ya boma singabisale kumbuyo kwa lamulo loteteza zinsinsi za munthu pa nkhani ya mtengo wa ntchito yomwe anthu alipira ndi misonkho.

Fayilo yanu yomwe ndiye palibe chokambirana chambiri. Chinsinsi cha m'fayilo ya munthu chinaikidwa kuti chiteteze munthuyo kwa ena, ndiye n'zosamveka kuchigwiritsa ntchito pomukaniza mwini wake.

Dandaulo lomwe limamveka

Maofesi onse atatuwa amagwira ntchito ndi umboni, ndipo apa ndi pomwe chizolowezi chathu chokamba zinthu pakamwa chimatigwetsa. Munthu amapita ku ofesi kambirimbiri, amapereka moni mwaulemu, amalonjezedwa kuti mubwere Lachinayi, koma palibe chilichonse cholembedwa. Tsiku lodandaula, ofesi ija imangonena kuti sitinalandirepo pempho lake.

Lembani kalata, ngakhale ya pamanja, ngakhale m'Chichewa, ndipo ikhale iwiri. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo chokhala ndi deti n'kubwerera nayo kunyumba. Wosadziwa kulemba apemphe ofisala kapena mwana wa sukulu amulembere, n'kumuwerengera asanadinde chala. M'kalatamo tchulani pepala lenileni. Kulemba kuti ndikufuna kudziwa za CDF kumapatsa ofesi mpata wokupatsani kapepala kolengeza zabwino zokhazokha. Kulemba kuti ndikupempha kope ya mfundo za msonkhano womwe unasankha ana olandira thandizo la sukulu m'wodi yathu chaka chino, ndi njira yomwe inatsatidwa posankha, kumasiya mpata wochepa wozembera. Akanena kuti mulipire ndalama yokopera mapepala, funsani risiti. Akakana, apempheni alembe kukanako ndi zifukwa zake.

Pokadandaula, wofufuza adzafuna kudziwa ngati munayamba mwauza akuluakulu a ofesi yomweyo, choncho kalata yachiwiri ipite kwa mkulu wa ofesiyo musanapite kwina. Kenaka fotokozani mwachidule zomwe zinachitika motsatana ndi madeti ake, udindo wa amene munalankhula naye, ndi chomwe mukufuna chichitike: pepala liperekedwe, dzina libwezeretsedwe, fayilo ipezeke, mndandanda wa manambala uchotsedwe pakhoma. Mawu onyoza ndi nkhani za chipani zisiyeni kunyumba. Kudandaula kwa Public Protector ndi ku Human Rights Commission n'kwaulere ndipo sikufuna loya. Musachedwe nazo, poti ogwira ntchito amasamutsidwa ndipo mapepala amasowa.

Pali mantha omwe lamulo silinathetse. Ofisala wa zaulimi wa pa kampu ndi yemweyo amene adzalembe mndandanda wa chaka chamawa, ndipo mlimi amadziwa zimenezo. Amati wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma si aliyense angapirire kukhala chaka chonse wopanda feteleza chifukwa chofunsa funso. N'chifukwa chake pempho lochokera ku kopaletivu yonse, ku komiti ya chitukuko ya wodi kapena ku gulu la mpingo limakhala lotetezeka kuposa la munthu mmodzi. Atolankhani a wailesi za kuno monga Breeze FM ndi Radio Maria nawonso ali ndi ufulu womwewo wopempha zikalata. Kwa wogwira ntchito m'boma amene waona zolakwika mkati n'kufuna kuulula, pali lamulo la mu 2010 loteteza oulula zachinyengo, Public Interest Disclosure Act.

Chomaliza choyenera kusamala ndi ndondomeko ya kumene muyambire. Nkhani ikangolowa kukhoti, Public Protector sangaikhudzenso kufikira itatha, ndipo khoti limafuna ndalama ndi nthawi. Amene akuona kuti nkhani yake ingafunike khoti ayambe wafunsa ku ofesi ya Legal Aid Board, yomwe imathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, asanasankhe njira yoti atsate.